Matero, 11 Ogasiti 1969: amene anaomba m'manja ndi amene anatenga madola

Pa 11 Ogasiti 1969, tsiku Lolemba, akuluakulu a chipani cha UNIP anasonkhana mu holo ku Matero, mu Lusaka. A Kenneth Kaunda anaimirira n'kulengeza nkhani imene ambiri anali kuidikira kuyambira pamene dziko linalandira ufulu: boma lidzatenga magawo 51 pa 100 alionse m'migodi ya kopa, imene eni ake anali makampani awiri, Anglo American ndi Roan Selection Trust. Ananenanso kuti miyala yonse ya pansi pa nthaka ibwerere m'manja mwa boma. Maiko akunja anali akali kukamba za amuna atatu a ku America amene anapita ku mwezi, omwe dzulo lake anali atangowatulutsa m'nyumba imene anawatsekera poopa kuti abwera ndi matenda. Koma mu Zambia munalibe nkhani ina yoposa ya ku Matero.

Inu amene mumakwera basi ya ku Matero tsiku ndi tsiku mwina mungadabwe kuti anthu anakondweranji chotero. Panali chifukwa. Kuyambira nthawi ya Cecil Rhodes, kampani ya British South Africa inali kunena kuti miyala ya dziko lino ndi yake, poonetsa mapepala amene anthu ake anasainitsa mafumu, makamaka Litunga Lewanika, m'ma 1890. Pa tani iliyonse ya kopa yotuluka ku Nkana kapena ku Mufulira, kampaniyo inali kulandira kangachepe, yosagwira fosholo ngakhale tsiku limodzi. Inasiya kudyaku patangotsala maola ochepa kuti mbendera ya Zambia ikwere pa 24 Okutobala 1964, ndipo inasiya italipidwa mapaundi 4 miliyoni, theka kuchokera ku Britain, theka kwa ife. M'zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963, misonkho ya kopa inamanga Salisbury kuposa Lusaka. Amuna a kuno kummawa, Akunda a m'chigwa chino, Achewa, Angoni ndi Ansenga, anali kupita ku Migodi kukalowa pansi, phindu n'kumapita ku London, Johannesburg ndi New York. Munthu amene anakula akuona zimenezi sakanalephera kuomba m'manja.

Ndiye nkhani ya tsikulo inali yosavuta kumva. Zambia yapambana, eni masheya akunja aluza. Ndikufuna tione zimene zinachitikira ndalama za mbali zonse ziwiri m'zaka zotsatira, chifukwa sizinapite kumene mutu wa nkhani unaloza.

Boma silinalande migodi. Linagula. Zokambirana zinatha chaka chomwecho, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 1970 migodi ya Anglo inakhala Nchanga Consolidated Copper Mines, ya Roan Selection Trust inakhala Roan Consolidated Mines. Mtengo unali madola pafupifupi 179 miliyoni kwa Anglo ndi 118 miliyoni kwa anzawowo. Boma linalibe ndalama zotere m'thumba, choncho linapereka mabondi, mapepala olonjeza kulipira pang'onopang'ono, zaka 12 kwa Anglo ndi zaka 8 kwa enawo, ndi chiwongoladzanja cha 6 peresenti pachaka. Malipirowo anali a madola, osati makwacha. Kuwonjezera apo, makampani omwewo anapatsidwa makontrakiti oti apitirize kuyendetsa migodi ndi kugulitsa kopa kunja, n'kumalandira malipiro pa ntchitoyo.

Apa m'pofunika kusiyanitsa sheya ndi bondi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Tiyerekeze kuti anthu awiri alima munda umodzi wa chimanga m'mbali mwa mtsinje wa Lupande. Ngati agwirizana kuti adzagawana zokolola, aliyense ali ndi sheya. Mvula ikagwa bwino onse adzaseka, njovu zikalowa usiku onse adzalira. Koma ngati mmodzi anena kuti, "Munda tenga ndiwe, ine uzindipatsa matumba khumi chaka chilichonse," ameneyo watenga bondi. Chaka chabwino adzadandaula poona nkhokwe ya mnzake itadzaza, koma chaka cha njovu matumba ake khumi adzawafuna ndithu. Ku Matero dziko la Zambia linatenga gawo lalikulu la munda, ndipo makampani aja, pa gawo limenelo, anasanduka anthu a matumba khumi. Walira mvula walira matope.

Panthawiyo munda unali kuoneka bwino kwambiri. Mu 1969 Zambia inatulutsa kopa wopitirira matani 700,000, n'kukhala pakati pa maiko otsogola pa dziko lonse. Mtengo unali wokwera, nkhondo ya ku Vietnam ikudya kopa wambiri. Kwacha imodzi inali kugula dola imodzi ndi masenti 40. Werenganinso pamenepo: kwacha inali yamphamvu kuposa dola. Amene anakambirana m'malo mwa boma sanali opusa. Anawerengera kuti phindu la migodi lomwelo lidzalipira mabondi, ndipo kwa zaka zinayi zoyamba masamuwo anali kugwira, ngakhale kuti mu Seputembala 1970 mgodi wa Mufulira unagumukira anthu, n'kupha 89.

Pa 31 Ogasiti 1973 a Kaunda analengeza nkhani ina yokoma kumva. Boma lidzalipiratu mabondi onse otsala nthawi imodzi, kuti lithetse makontrakiti aja ndi kuyendetsa migodi lokha. Kuti lichite zimenezi linakongola madola ku mabanki akunja, pa chiwongoladzanja chokwera kuposa 6 peresenti ija. Kopa anali kukwera, ndipo anakwerabe mpaka Epulo 1974. Kenaka anagwa. Pofika kumayambiriro kwa 1975 mtengo wake pa msika wa ku London unali utatsika kupitirira theka, ndipo poyerekeza ndi mitengo ya zinthu zina sunabwererenso mwakale kwa zaka pafupifupi 30. Nthawi yomweyo mafuta anali atakwera kanayi chifukwa cha nkhondo ya Aluya ndi Israel ya 1973. Malire ndi Rhodesia anali otseka kuyambira Januwale 1973, ndipo mu 1975 nkhondo ya ku Angola inatseka njanji ya Benguela imene inali kunyamula kopa wathu kupita kunyanja. Dziko limene linali kupeza ndalama zakunja zopitirira 90 pa 100 kuchokera ku chinthu chimodzi linatsala ndi migodi yake, ndi ngongole.

Kugwa kwa mtengo kumeneku kunalibe tsiku lake. Panalibe holo, panalibe chilengezo. Kunali timanambala ting'onoting'ono ta patsamba lamkati la nyuzipepala, lero tatsika pang'ono, mawa takwera pang'ono, mkucha tatsikanso. Pa wailesi ya m'dera timakonda chigawo chowerenga zimene zinachitika tsiku ngati lalero kalekale, ndipo omvera amachikonda. Koma pokonza chigawo chotere umapeza masiku a malankhulidwe, a ngozi, a zisankho, a mpira. Tsiku limene kopa anayamba kutsika osabwereranso sulipeza, chikhalirecho ndi limene linasintha mtengo wa unga pa nyumba iliyonse.

Nanga madola aja anapita kuti? Anglo inali ndi kampani yotchedwa Zambian Anglo American. Mu 1970 inaisamutsira ku Bermuda, kachilumba ka m'nyanja ya Atlantic kodziwika ndi misonkho yochepa, ndipo mu 1974 inaipatsa dzina latsopano, Minorco. Ndalama zochokera ku Zambia zinakhala mbewu. Nazo Minorco inagula masheya m'makampani a migodi ndi a malonda ku America ndi kwina, mpaka kumayambiriro kwa ma 1980 inali kuwerengedwa pakati pa makampani akunja amene anaika chuma chochuluka kwambiri mu United States. Kwa kampani ya ku South Africa ya nthawi ya tsankho, imene malamulo a kwawo sanali kuilola kutulutsa ndalama mwachisawawa, imeneyi inali mphatso yaikulu. Mu 1999 Minorco inaphatikizana ndi kholo lake n'kupanga Anglo American plc, imene masheya ake amagulitsidwa ku London.

Si kuti anathawa ndi zonse. Anglo inatsalabe ndi gawo m'migodi, ndipo pamene makampani awiri aja anaphatikizidwa mu 1982 kukhala ZCCM, boma linali ndi magawo 60, Anglo 27. Gawo limenelo linavutika limodzi ndi lathu, zaka zambiri osabala kanthu. Koma gawo limene "analandidwa" ku Matero ndi limene linawapindulira, chifukwa linasanduka madola mtengo uli pamwamba.

Mbali yathu mukuidziwa, kapena makolo anu anakuuzani. ZCCM inasenza katundu wa dziko lonse: zipatala, masukulu, matimu a mpira, nyumba, magetsi ndi madzi a m'makomboni a migodi. Ine sindili m'gulu la amene amati zonsezi zinali kuwononga. Madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi ambiri a dziko lino anaphunzira ndi ndalama za kopa, ndipo mwini sheya wa ku London sakanawalipirira. Koma ndalama zogulira makina atsopano ndi kukumba migodi yatsopano zinasowa. Pofika 2000 kopa wotuluka pachaka anali atatsikira ku matani pafupifupi 250,000, ndipo antchito, amene m'ma 1970 anali opitirira 60,000, anatsala pafupifupi 22,000.

Palinso munthu wachitatu amene nkhani ya ku Matero sinamutchule. Ndi wantchito wamba, amene analibe sheya kapena bondi ya madola, koma anali kusunga makwacha, kaya m'buku la ku positi, kaya ku Provident Fund kumene anali kumudula mwezi ndi mwezi. Tiyeni titenge K100 ya mu 1969, imene inali yofanana ndi madola 140, ndalama yolemera ndithu. Mu Okutobala 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni, ndipo m'chaka chimodzi ndi theka dola inachoka pa makwacha awiri ndi kangachepe kufika pa 21. Mu Disembala 1986 anthu anachita zipolowe za unga ku Migodi, mu Juni 1990 mu Lusaka. Mu 1992 ndi 1993 mitengo ya zinthu inali kukwera kupitirira 100 peresenti pachaka. Pofika kumapeto kwa 2012 dola imodzi inali makwacha opitirira 5,000. Pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu, ndipo K100 ija, ikanakhala pansi pa matiresi, inasanduka 10 ngwee. Ya m'buku inali kubala chiwongoladzanja, inde, koma m'zaka zoipa zija mitengo inali kuthamanga kuchisiya kumbuyo. Ndi chifukwa chake muli ndi agogo amene anagwira ntchito zaka 25, n'kulandira ndalama yopumira imene sinakwane malata a nyumba imodzi. Palibe anawabera tsiku limodzi loti n'kulilemba m'nyuzipepala. Inadyedwa ngati chimanga cha anankafumbwe.

Kuno kuchigwa kulibe mgodi wa kopa, koma mtengo wa ku London unatipeza. South Luangwa inakhala paki mu 1972, kopa akali bwino. Atagwa, boma linasowa ndalama zolipirira bwino asilikali a nyama, zogulira mafuta ndi kukonza magalimoto awo. Ntchito m'matauni zinachepa, amene anali kutumiza kangachepe kumudzi analeka, ndipo minyanga inali ndi mtengo kunja. M'zaka za m'ma 1970 kumapeto ndi m'ma 1980 njovu za m'chigwa zinaphedwa kupitirira theka. Zipembere zinatheratu, kotero kuti zimene zili ku North Luangwa lero anachita kubwera nazo pa ndege kuchokera kunja, kuyambira 2003. Pulojekiti ya LIRDP, imene inabwera m'dera la Lupande m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Norway, inabwera kudzatseka dzenje limene linakumbidwa kutali ndi kuno. Akuluakulu a kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya kapena kwa Nsefu akamakamba za zaka zimenezo amakamba za mizere ya sopo ndi mchere, ndi za mfuti zolira usiku. Sakamba za msika wa London, koma chingwe n'chimodzi.

Mwina wina anganene kuti phunziro lake n'losavuta: azungu a makampani aakulu amaona patali, tingotsatira zimene iwo achita. Dikirani kaye, pali tsiku lina. Boma la a Chiluba litagulitsa migodi, Anglo inabwerera mu Malichi 2000 n'kutenga Konkola ndi Nchanga. Mu Januwale 2002, a Levy Mwanawasa atangolumbira kumene, Anglo inalengeza kuti ikuchoka. Kopa anali pa madola pafupifupi 1,500 pa tani, ndipo kampaniyo inaona kuti ikungotaya ndalama. Nkhani ya tsiku limenelo inali ya maliro. Ngati Anglo, imene inadziwa miyala ya ku Migodi kuyambira m'ma 1920, yanyamula zikwama, watsala ndani? Anthu anayamba kukamba za Chingola ndi Chililabombwe ngati matauni amene adzasanduka mabwinja.

Patangopita zaka zinayi, mu 2006, kopa anapitirira madola 8,000. Mu Febuluwale 2011 anapitirira 10,000. Chimene chinachitika n'chakuti dziko la China linali kumanga mizinda, njanji ndi mafakitale, ndipo chilichonse chofuna magetsi chimafuna waya wa kopa. Zimenezi zinali zitayamba kale mu 2002, koma sizinali nkhani ya tsiku lililonse. Kampani ya Vedanta inagula magawo 51 a Konkola Copper Mines mu 2004 n'kulipira madola 25 miliyoni poyamba, ndipo mu 2014 kanema wa mwini wake, Anil Agarwal, akudzitama za kutchipa kwa mgodiwo ndi phindu limene anali kupeza, anakwiyitsa dziko lonse. First Quantum, kampani ya ku Canada imene panthawiyo inali yaing'ono, inagula Kansanshi ku Solwezi mu 2001, kopa ali pansi, ndipo mgodiwo unakhala umodzi mwa yaikulu mu Africa. Anglo yomweyo imene inapindula pokankhidwa mu 1969 inaluza pochoka yokha mu 2002. Inali ndi akatswiri a miyala, a masamu, a malamulo, maofesi ku London, koma mawa sinalione. Ife nafenso tinagula migodi mtengo uli pafupi ndi pamwamba, n'kuigulitsa uli pafupi ndi pansi. Zimawawa kulemba, koma ndi mmene manambala alili.

Si Zambia yokha. Mu 1989 akatswiri atatu a zachuma a ku America, David Cutler, James Poterba ndi Lawrence Summers, anatenga nkhani zikuluzikulu za zaka zambiri, nkhondo, zisankho, imfa za atsogoleri, n'kuyang'ana mmene msika wa masheya unayendera masiku amenewo. Anapeza kuti kawirikawiri unali kusuntha pang'ono chabe, pamene masiku ambiri amene unakwera kapena kugwa kwambiri analibe nkhani yaikulu yoti n'kuloza. Pa 19 Okutobala 1987 msika wa ku New York unagwa ndi 22 peresenti tsiku limodzi, ndipo mpaka lero akatswiri amatsutsana za chimene chinayambitsa. Mu Ogasiti 1979 magazini ya Business Week inalemba pachikuto kuti masheya afa. Nambala ya Dow Jones, imene imayeza masheya a makampani aakulu kumeneko, inali pansi pa 900. Inazengereza zaka zitatu, kenaka inanyamuka, n'kupitirira 11,000 mu 1999.

Anthu ogulitsa maphunziro a "kulemera" pa Facebook amakonda kuimira pomwepa, n'kukuuzani kuti masheya amakwera nthawi zonse, bola kudikira. Si zoona zonse. Akatswiri ena atatu, Elroy Dimson, Paul Marsh ndi Mike Staunton, anasonkhanitsa manambala a misika ya maiko ambiri kuyambira 1900. N'zoona kuti m'maiko ambiri masheya anapambana mabondi ndi ndalama zosunga kubanki. Msika wa ku South Africa uli pakati pa imene inabala kwambiri, pafupifupi 7 peresenti pachaka pamwamba pa kukwera kwa mitengo, ngakhale kuti dzikolo linadutsa m'nkhani zoopsa monga Sharpeville mu 1960 ndi Soweto mu 1976. Tisaiwale kuti phindu limenelo linali ndi thukuta la anthu akuda olipidwa zochepa, ambiri a iwo ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno, amene sanali kuona sheya ngakhale imodzi. Koma m'manambala omwewo muli Russia ya 1917 ndi China ya 1949, kumene eni masheya anataya zonse, ndipo kudikira sikunawathandize. Ku Japan, amene anagula pa nsonga mu Disembala 1989 anadikira mpaka Febuluwale 2024 kuti nambala ya Nikkei ibwerere pamene inali. Zaka 34. Mwana wobadwa tsiku limenelo anali atakwatira kale.

Mu 1969 munthu wa ku Matero kapena ku Kapata analibe pogulira sheya ngakhale akanafuna. Msika wa masheya wa Lusaka, LuSE, unatsegulidwa mu Febuluwale 1994, ndipo kampani yoyamba kulembedwapo inali Chilanga Cement mu 1995. Kenaka kunabwera ena, monga Zambia Sugar, Zambian Breweries ndi Zambeef, ndipo mu 2008 kunabwera Copperbelt Energy Corporation, Celtel imene lero ndi Airtel, ndi Zanaco. Ambiri amene anagula mu 2008 anagula nkhani zili zokoma, kopa ali pamwamba, kwacha ili yamphamvu. Chaka chisanathe mabanki a ku America anagwa, kopa anatsika kufika pafupi ndi madola 3,000, ndipo a Mwanawasa anali atamwalira mu Ogasiti.

Tsopano taonani Novembala 2020. Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja cha Eurobond, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulephera ngongole m'nthawi ya korona. Mawailesi akunja onse anatitchula. Kwacha inali kugwa, mitengo kukwera, magetsi kuzima. Ndani akanaganiza zogula sheya mwezi umenewo? Nambala yoyeza masheya onse a pa LuSE inatseka chaka chimenecho ili pafupi ndi 4,000. Pofika kumapeto kwa 2023 inali itapitirira 10,000. Makampani anapitiriza kugulitsa shuga, mowa, magetsi ndi mabandulo, ngongole ya boma ili pomwepo.

Musathamange nayo nambala imeneyi. Ndi ya makwacha, ndipo m'zaka zomwezo mitengo ya zinthu inakwera, mu 2021 kupitirira 20 peresenti, choncho phindu lenileni n'lochepa kuposa mmene likuonekera. Mabondi a boma panthawiyo anali kulonjeza chiwongoladzanja chopitirira 20 peresenti, ndiye sheya inali ndi mpikisano. Nambalayo imakokedwa ndi makampani ochepa, ndipo munthu amene anasankha kampani imodzi yolakwika sanaone chikondwererocho. Msika wathu ndi waung'ono, makampani ake sakwana 30, ndipo pali masheya amene amatha masiku osagulidwa kapena kugulitsidwa. Mwana akadwala usiku, sheya yotere siingakuthandizeni msanga ngati mmene mbuzi kapena chilimba chingachitire. Zaka zitatu si nthawi yaitali. Amene anawerengera mu 1973 anali ndi zaka zinayi zokoma kumbuyo kwawo.

Chimene ndikutsutsa n'chizolowezi chosuntha ndalama chifukwa cha mutu wa nkhani. Mu 2023 lamulo litalola anthu kutengako 20 peresenti ya ndalama zawo ku NAPSA, ambiri a msinkhu wathu anagwira kwa nthawi yoyamba ndalama yoti n'kuiganizira. Ena anagula malata ndi simenti, ena analipira kaloba, ena anabetcha, ena anafunsa za masheya. Mafunso a gulu lomalizali nthawi zambiri amayamba ndi nkhani ya m'mawa umenewo: nduna yanena zakuti, IMF yavomera, mgodi wakuti watsegulidwa, ndigule? Nkhani imene mwamva pa wailesi, ogula aakulu anaimva kale, ndipo ili kale mu mtengo. Mafunso amene akanathandiza munthu wa mu 1969 ndi osakoma kumva. Kampaniyi imagulitsa chiyani, kwa ndani, ndipo mtengo wake amaika ndani? Imalandira makwacha kapena madola, nanga ngongole zake ndi za ndalama iti? Pa zaka khumi zapitazi yagawira eni masheya phindu kangati? Ndikugula pa mtengo wanji poyerekeza ndi phindu limene imapanga pachaka? Ndipo ngati zonse zanga zili m'munda umodzi, njovu zikalowa ndidzadya chiyani? Mayankho ambiri ali m'malipoti a pachaka amene kampani iliyonse ya pa LuSE imakakamizidwa kutulutsa, ndipo amapezeka pa intaneti kwaulere. Amagonetsa tulo, n'chifukwa chake sitiwawerenga pa wailesi.

Kampani ija yobadwa kuchokera ku Matero ikalipo. Migodi itagulitsidwa mu 2000, chotsala chinatchedwa ZCCM Investments Holdings, imene imasunga magawo a boma m'migodi, ndipo masheya ake amagulitsidwa pa LuSE ndi ku Paris, kumene kuli kagulu ka anthu wamba a ku France amene anawagula kalekale. Mu Meyi 2019 inapita kukhoti kukachotsa Vedanta ku Konkola, anthu ena n'kuomba m'manja. Mu 2024 Vedanta inabwezeredwa mgodiwo. Mu 2021 ZCCM-IH inatenga Mopani yonse kuchokera ku Glencore pa dola imodzi, n'kusenza ngongole ya madola 1.5 biliyoni yoti izilipidwa kuchokera ku kopa wogulitsidwa, ndipo nkhani ya tsikulo inali yakuti migodi ya Nkana ndi Mufulira yabwerera kwa eni dziko. Mu 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inalowa mu Mopani ndi lonjezo la madola 1.1 biliyoni. Magawo amene inatenga anali 51 pa 100.